Zipinda 56 zopanda ngodya: lipoti la mamangidwe a The Hive pa yunivesite ya NTU ku Singapore

Mu 2015 yunivesite ya Nanyang Technological University, imene ambiri amangoitchula kuti NTU, inatsegula nyumba yophunziriramo yomwe poyamba inkatchedwa Learning Hub koma lero imadziwika ndi dzina loti The Hive. Mapulani ake anajambula ndi a Heatherwick Studio a ku London, motsogozedwa ndi Thomas Heatherwick, pamodzi ndi a CPG Consultants a ku Singapore komweko, omwe ndiwo anayendetsa ntchito yonse mogwirizana ndi malamulo a zomangamanga a dzikolo. Nyumbayi ndi nsanja 12 zobulungira zoimikidwa mozinga bwalo lapakati, ndipo pamene yatalika kwambiri ili ndi nsanjika 8. Muli zipinda zophunziriramo 56, malo onse ndi masikweya mita pafupifupi 14,000, ndipo inadya ndalama zokwana madola a ku Singapore 45 miliyoni. Anthu a kumeneko anaipatsa dzina lawolawo poifanizira ndi timadengu tansungwi tosanjikiza tophikiramo chakudya cha dim sum.

Zithunzi za nyumbayi zafala kwambiri, ndipo vuto lagona pomwepo: amene amaisirira amatengera maonekedwe akunja, pamene nzeru yeniyeni ili m'kati, pa kukula kwa tebulo, pa malo amene mphunzitsi amaima, pa njira imene mpweya umayendamo, ndi pa ganizo lochotseratu tinjira tam'kati tomwe tinazolowereka m'nyumba za sukulu. Lipotili likutsata zinthu zimenezi kuchokera pa tebulo kupita kunja, chifukwa umu ndi mmene nyumba yotere iyenera kuganiziridwa.

Chimene yunivesite inkafuna

NTU ili ndi ophunzira opitirira 30,000, ndipo inaganiza zosintha kaphunzitsidwe. Wophunzira aziyamba wawerenga kapena kuonera vidiyo ya phunzirolo ali kwawo kapena ku hositelo, ndipo nthawi ya m'kalasi ikhale yothetsa mafunso ovuta m'magulu, mphunzitsi akuyendayenda pakati pawo. Sukulu ya udokotala ya NTU, Lee Kong Chian School of Medicine, imene inakhazikitsidwa mogwirizana ndi Imperial College London n'kulandira ophunzira oyamba mu 2013, inayamba ndi njira yotereyi kuchokera pa chiyambi: aliyense amayankha mayeso afupiafupi payekha, kenako gulu limayankhanso mayeso omwewo pamodzi, ndipo nthawi yotsalayo amalimbana ndi nkhani ya wodwala imene yankho lake silili pa tsamba limodzi la buku.

Ganizoli lili ndi umboni. Mu 2014 Scott Freeman ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu, ndipo anapeza kuti m'makalasi ongomvetsera mphunzitsi ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera, pamene m'makalasi momwe ophunzira amagwira ntchito okha chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi 22. Komabe chipinda chokhala ndi mipando yokhomerera pansi, yonse yoyang'ana kutsogolo, sichilola zimenezi kuchitika. Wophunzira akafuna kulankhula ndi mnzake wakumbuyo ayenera kupotoza khosi, ndipo mphunzitsi sangafike kwa amene wakhala pakati pa mzere.

Funso lachiwiri linali lovuta kuposa loyamba lija la mtundu wa chipinda. Ngati zonse zofunika kuwerenga zili pa intaneti, n'chiyani chingamuchotse wophunzira m'chipinda chake kuti abwere pa sukulu? Yankho la ojambula linali lakuti amabwera kudzakumana ndi anthu, choncho nyumbayo iyenera kuchititsa kuti anthu azionana ngakhale sanapangane.

Tebulo, kenako chipinda

Masamu a chipinda chotere anayamba kuyesedwa kale ku America. Robert Beichner wa pa North Carolina State University, m'ntchito yotchedwa SCALE-UP, anayerekeza matebulo osiyanasiyana kukula ndipo anakhazikika pa tebulo lobulungira la mamita pafupifupi 2.1 m'mimba mwake, lokhala anthu 9 ogawidwa m'timagulu titatu ta anthu atatu. Lochepera pamenepo, malaputopu ndi mabuku zimapanikizana. Lokulirapo, anthu okhala moyang'anizana samvana popanda kukweza mawu. Ku Massachusetts Institute of Technology (MIT), yunivesite inanso ya ku America, John Belcher anatengera njira yomweyi pomanga chipinda chotchedwa TEAL chophunzitsiramo fizikisi, chokhala ndi matebulo 13 a anthu 9.

Pa maphunziro okambirana, gulu la anthu 5 mpaka 7 ndilo limayenda bwino, ndipo ambiri amasankha 6. Akachepera anayi, mmodzi akajomba gulu limatha mphamvu. Akapitirira 7, pamapezeka wina wongokhala chete n'kumadya thukuta la anzake. Tiyeni titenge chitsanzo chowerengera chimene tizibwererako m'lipotili, chomwe si miyeso ya The Hive koma ya chipinda chilichonse chamtunduwu: ophunzira 30, matebulo 5 a anthu 6.

Holo yophunzitsiramo ya masiku onse imapatsa munthu mmodzi sikweya mita imodzi, mwinanso osakwana. Chipinda cha magulu chimafuna masikweya mita 2.3 mpaka 2.8 pa munthu. Tikatenga 2.5, ophunzira 30 akufuna masikweya mita 75, ndipo ngati chipindacho ndi chobulungira ndiye kuti m'mimba mwake ndi pafupifupi mamita 10. Malo owonjezerawo sapita pachabe ayi. Pakati pa msana wa mpando wa tebulo ili ndi wa tebulo linalo pafunika mpata wa mita imodzi kapena kupitirirapo kuti mphunzitsi adutse popanda kudzutsa munthu. Wokhala pa njinga ya olumala afunika malo otembenukira a mamita 1.5 ndi mpata wa masentimita 70 kunsi kwa tebulo, ndipo izi zikhale pa tebulo lililonse, osati limodzi la pafupi ndi chitseko, chifukwa magulu amasinthasintha. Cholakwika chofala kwambiri chimachitika nyumba itatha kale: ofesi yokonza ndandanda ya makalasi imaona chipinda chachikulu n'kuwonjezeramo tebulo lachisanu ndi chimodzi, njira zimatsekeka, mphunzitsi n'kubwerera kukaima malo amodzi. Chiwerengero cha anthu chiyenera kulembedwa pa chitseko ndi m'kaundula wa zipinda, ndipo chitetezedwe.

Ku The Hive zipinda zilibe ngodya, ndipo palibe mbali imene mungailoze kuti uku ndi kutsogolo. Ichi chinachitidwa dala. Chipinda cha ngodya zinayi chimauza aliyense wolowamo kumene wamkulu amaima ndi kumene amanyazi amabisala. Mukachotsa ngodya, mpando wakumbuyo umasowa, ndipo mphunzitsi amakakamizika kuima pakati kapena kuyendayenda. M'malo mwa bolodi limodzi, zipindazi zili ndi masikirini angapo m'makoma kuti gulu lililonse lionetse ntchito yake.

Pa masikirini pali lamulo losavuta: munthu wakutali kwambiri asapitirire mtunda wokwana ka 6 kutalika kwa chithunzi kuchokera pansi kufika pamwamba. Sikirini ya mainchesi 55 ili ndi chithunzi cha masentimita pafupifupi 68, choncho imawerengeka bwino mpaka mamita 4. N'chokwanira pa tebulo limodzi, koma sichikwanira chipinda cha mamita 10. Ndiye chifukwa chake mawaya ayenera kulumikizidwa mwanjira yoti mphunzitsi athe kutumiza chithunzi chimodzi ku masikirini onse nthawi imodzi, kapena kutenga ntchito ya gulu limodzi n'kuionetsa kwa onse. Makina osinthira zimenezi akakhala ndi mabatani ambirimbiri, aphunzitsi amawasiya pakangotha sabata zochepa. Mabatani atatu kapena anayi ndi okwanira.

Mtengo wa khoma lokhota

Apa tikhalitsepo, chifukwa otengera nyumbayi ambiri amagwera pomwepa. Khoma lokhotera m'kati limasonkhanitsa mawu. M'chipinda chobulungira ndendende, mawu ochokera pakati amamenya khoma n'kubwerera pakati pomwepo, ndipo mawu ochokera m'mbali amayenda motsata khoma mpaka kukamveka bwinobwino mbali inayo. Chipinda chomwe magulu 5 akulankhula nthawi imodzi sichingapirire zimenezi. Phokoso likakwera aliyense amakweza mawu kuti amveke, phokoso n'kukweranso, mpaka amene akuphunzira m'chilankhulo chimene sichawo, kapena amene samva bwino, amangosiya kutsatira. Ku Singapore, kumene ophunzira amachokera m'mabanja olankhula Chitchaina, Chimalaya, Chitamili ndi zilankhulo zina koma amaphunzira m'Chingerezi, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Muyeso wa ku America wa zipinda zophunziriramo, ANSI S12.60, umafuna kuti mawu azizimiririka m'masekondi osapitirira 0.6 m'chipinda chaching'ono, ndipo phokoso la makina m'chipinda chopanda anthu lisapitirire madesibelo 35 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso). Kuwerengera kwake kumatsata njira ya Sabine: chulukitsani kukula kwa m'kati mwa chipinda ndi 0.161, kenako gawani ndi kuchuluka kwa malo omeza mawu, ndipo yankho lake ndi masekondi amene mawu amatenga kuti azimiririke. Chipinda chathu cha masikweya mita 75 chikakhala ndi siling'i ya mamita 3.2, m'kati mwake ndi makiyubiki mita 240. Kuti tifike pa masekondi 0.6 tifunika malo omeza mawu okwana masikweya mita pafupifupi 64. Konkire ndi galasi zimameza magawo awiri kapena atatu okha pa 100, motero makoma, pansi ndi denga zonse pamodzi zimapereka 7 kapena 8 basi. Matupi ndi zovala za anthu 30 zimawonjezera pafupifupi 12. Zonse pamodzi ndi 20, kutanthauza kuti mawu azingolira kwa masekondi pafupifupi awiri, kuposa katatu muyeso woyenera.

Mankhwala ake amadziwika. Siling'i yomeza magawo 80 pa 100 ikaphimba masikweya mita 60 imawonjezera 48, ndipo chiwerengero chimakwana. Koma siling'i yokha sithetsa kusonkhana kwa mawu kochokera m'khoma, chifukwa mawuwo amayenda chopingasa. Pafunikanso zomeza mawu m'khoma pa msinkhu wa mutu wa munthu wokhala pansi, kuyambira masentimita 80 mpaka mamita awiri kuchokera pansi, makamaka mbali yoyang'anizana ndi galasi. Chipinda chisakhale chobulungira ndendende: chikakhala chowulungika ngati dzira lophwatalala mbali imodzi, kapena khoma likadukizidwa ndi mashelefu ndi zipilala, mawu amamwazika. Kapeti amachepetsa kukwekwesa kwa mipando, ngakhale m'dziko lachinyezi amafuna chisamaliro kuti asachite chuku. Ndalama za zinthu zimenezi ndi zomwe zimayamba kudulidwa bajeti ikathina, chifukwa sizioneka pa chithunzi. Kudula pamenepa ndi kupha cholinga chonse cha nyumba.

Khoma lokhota lili ndi mavuto enanso ang'onoang'ono. Bolodi ndi sikirini ndi zowongoka, choncho zimafuna mafelemu apadera ndipo kumbuyo kwake kumatsala mpata. Makabati ogula m'sitolo sakhala bwino. Ndipo tsiku limene yunivesite idzafune kuphatikiza zipinda ziwiri kuti zikhale chimodzi cha anthu 60, nsanja zobulungira sizilola, pamene nyumba ya mizati yoima m'mizere ndi makoma opepuka imalola mosavuta. Pa mfundo iyi The Hive inasankha kuchita chinthu chimodzi bwino kwambiri m'malo mosiya khomo la zosintha zam'tsogolo. Kwa yunivesite yokhala ndi nyumba zina zambiri, kusankha kotere n'komveka. Kwa imene ikumanga nyumba imodzi yokha pa zaka 20, n'koopsa.

Bwalo m'malo mwa tinjira

Nyumba za sukulu zambiri zili ndi kanjira katali pakati, zitseko uku ndi uku. Kanjirako kamadya gawo lalikulu la nyumba koma palibe amene amafuna kukhalamo. Ojambula The Hive anatenga malo amenewo n'kuwasandutsa makonde oyang'ana bwalo lapakati, lotseguka kuchokera pansi mpaka kumwamba. Chipinda chilichonse chili ndi galasi mbali ya bwalo, motero woyenda pakhonde amaona zochitika m'kalasi, ndipo wokhala pa nsanjika yachisanu amaona mnzake ali pa yachiwiri. Zikufanana ndi mudzi umene makomo onse ayang'ana pabwalo: simufunika kuitana msonkhano kuti mudziwe amene alipo. Pansi penipeni palibe khomo lalikulu limodzi. Munthu amalowa kuchokera mbali iliyonse, podutsa pakati pa nsanjazo, zomwe ndi zopyapyala kunsi ndi zotambasuka kumwamba. Makonde ena ali ndi zomera ndi malo okhala, ndipo muli laibulale yaing'ono ndi malo odyera.

Masamu a malo akuonetsa kulemera kwa ganizoli. Mukagawa masikweya mita 14,000 ndi zipinda 56, chipinda chilichonse chikugwirizana ndi 250. Ngati chipinda chenicheni chili pafupi ndi 75 ya chitsanzo chathu chija, ndiye kuti gawo lalikulu la nyumbayi lili kunja kwa makalasi. Wowerengera ndalama anganene kuti uku n'kuwononga. Koma ntchito ya gulu siithera pa belu. Anthu 6 amene sanamalize mtsutso wawo amafuna pokhala pomwepo, pasanathe mphindi ziwiri, apo ayi amabalalika. Kuti khonde ligwire ntchito imeneyi liyenera kukhala ndi magawo awiri: njira yodutsa yosachepera mamita 1.8, imene malamulo a moto salola kuti itsekedwe, ndi timalo tolowa m'kati tokhala ndi tebulo, soketi ndi kuwala kokwanira kuwerengera. Khonde lopanda soketi limakhala lopanda anthu. Zotchinga m'mphepete mwake zisatsike kuposa mamita 1.1, ndipo zisakhale ndi zitsulo zopingasa zimene munthu angapondepo.

Galasi loyang'ana bwalo nalo lili ndi zovuta zake. Aphunzitsi ena sakonda kuonereredwa, ndipo tsiku la mayeso odutsa amasokoneza. Njira yabwino ndi kupaka galasilo kuti lisaonekere pa msinkhu wa maso a munthu wokhala pansi, n'kusiya kumwamba koyera. Mukaika makatani, amatsekedwa tsiku loyamba ndipo satsegulidwanso. Chitseko chikhale cholemera, chokhala ndi mphira m'mbali, chifukwa bwalo la konkire lodzaza anthu limachita phokoso ndipo mpata wa kunsi kwa chitseko ndi wokwanira kulilowetsa m'kalasi.

Mpweya

Singapore ili pafupi kwambiri ndi mzere wa pakati pa dziko lapansi, ndipo chaka chonse kumatentha madigiri 25 mpaka 31, chinyezi chili chokwera. Nyumba zambiri kumeneko zimatsekedwa ndi magalasi n'kuziziritsidwa paliponse. The Hive inagawa nyumba pawiri. Bwalo ndi makonde siziziziritsidwa ndi makina: mpweya umalowa pansi pakati pa nsanja, ukatenthedwa umakwera n'kutulukira pamwamba, bwalolo likugwira ntchito ya chumuni. Popeza nsanjika iliyonse ndi yotambasuka kuposa ya pansi pake, imaiphimba ku dzuwa, ndipo kunja kuli konkire wambiri ndi mawindo aang'ono, kotero kutentha kolowera m'magalasi n'kochepa.

Zipinda zokha ndizo zimaziziritsidwa, ndipo njira yake ilibe fani. Chapamwamba pa khoma pali mapaipi opindapinda momwe mumayenda madzi ozizira. Mpweya wotentha wa m'chipinda umakwera kudenga, ukakhudza mapaipiwo umazizira n'kulemera, kenako umatsika wokha kudzera mu mpata wa m'khoma n'kutulukira pansi pang'onopang'ono. Umayala pansi ponse, ndipo pamene pali munthu kapena laputopu umatenthedwa n'kukweranso. Ubwino wake ndi utatu: magetsi oyendetsera mafani sakufunika, makina ofuna kukonzedwa pafupipafupi ndi ochepa, ndipo chipinda chimakhala zii, zomwe zimathandiza kufika pa madesibelo 35 aja. Mwa zina, ichi ndi chimene chinathandiza nyumbayi kulandira Green Mark Platinum, mulingo umene unali wapamwamba pa nthawiyo wa nyumba zosamala chilengedwe, woperekedwa ndi Building and Construction Authority ya ku Singapore.

Kuti njirayi igwire, kuchuluka kwa kutentha kwa m'chipinda kuwerengedwe molondola. M'chipinda chathu chija, anthu 30 amatulutsa mawati pafupifupi 120 aliyense, zomwe ndi 3,600. Malaputopu 30 pa mawati 40 ndi 1,200, masikirini 5 pa mawati 150 ndi 750, magetsi owunikira pafupifupi 600. Tafika kale pa makilowati 6 tisanawerengere dzuwa ndi mpweya wochokera kunja. Chipinda cha magulu chimatentha kuposa kalasi wamba ya anthu omwewo chifukwa cha zipangizozi, ndipo injiniya amene watenga ziwerengero za kalasi wamba amaika mapaipi ochepa. Komanso kuziziritsa si kubweretsa mpweya watsopano. Anthu 30 amafuna malita pafupifupi 300 a mpweya wakunja pa sekondi, ndipo umenewu uyenera kubwera ndi njira yakeyake, utachotsedwa chinyezi. Kachipangizo koyeza mpweya woipa umene timatulutsa popuma kakhale m'chipinda chilichonse. Mpweya woipawo ukapitirira 1,000 ppm (magawo 1,000 pa miliyoni) kwa nthawi yaitali, ophunzira amayamba kuwodzera ndipo mlandu umagwera mphunzitsi.

Zimene zimalakwika pa njira imeneyi ndi zodziwika. Wina akaika kabati kapena zikwama potulukira mpweya, kuzungulira konse kumaima, chifukwa palibe fani yokankha. Chitseko chikasiyidwa chotsegula, mpweya wachinyezi wa pabwalo umalowa n'kupanga mame pa mapaipi ndi pa galasi, motero chitseko chilichonse chifunika chotsekera chokha, ndipo kunsi kwa mapaipi kukhale thireyi yotsetsereka bwino ndi paipi yotayira madzi imene munthu angaifikire poyeretsa. Fumbi likamata pa mapaipi mphamvu imatsika mwakachetechete. Njirayi imachedwanso kuyankha: chipinda chimene chinali chopanda anthu n'kudzaza mwadzidzidzi chimatenga nthawi kuti chizizire, choncho madzi ayambe kuyenda kalasi isanayambe, motsata ndandanda.

Bwalo lotseguka limalowetsanso mvula. Pansi pa makonde payenera kutsetsereka kulowera ku ngalande, pakhale posaterera pakanyowa, ndipo masoketi akunja akhale otchingidwa ku madzi. Amene akuganiza zotengera bwalo lotere kumalo okwera ngati Dedza kapena Mzuzu akumbukire kuti linapangidwira dziko lopanda nyengo yozizira. Mu Juni ndi Julayi chumuni chomwecho chingasandutse makonde kukhala malo amene aliyense akuwathawa, pokhapokha mbali yochokera mphepo itatchingidwa.

Konkire

Malamulo a ku Singapore amalimbikitsa kamangidwe kosafuna anthu ambiri pamalo a ntchito, ndipo izi pamodzi ndi zolinga zosamala magetsi zinachititsa kuti nyumbayi ikhale ya konkire. Nkhawa inali yakuti ingaoneke yozizira ndi yosakondweretsa, choncho ojambula anaumba konkireyo ngati dongo. Mizati 61 yopendekeka inapatsidwa khungu la mafundemafunde. Makoma a masitepe ndi zikepe anadindidwa zojambula 700 za Sara Fanelli, zokhudza sayansi, luso ndi zolembalemba. Zidutswa zokutira kunja zinaumbidwa ndi mizere yopingasa pogwiritsa ntchito zikombole 10 zokha za silikoni zotha kusinthidwa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa aliyense wowerengera mtengo: chodula pa konkire wokhota si simenti koma chikombole, ndipo nyumba imene chidutswa chilichonse chikufuna chikombole chake imadya bajeti isanafike pa denga.

Mzati wopendekeka sungotsitsa katundu pansi, umakankhanso chammbali. Mphamvu imeneyo iyenera kugwidwa ndi silabu ya konkire ya pansi pa nsanjika iliyonse n'kuperekedwa ku makoma olimba a masitepe ndi zikepe, choncho zitsulo za polumikizana mzati ndi silabu zimachuluka, ndipo zochirikiza zisachotsedwe silabu yomangirira isanalimbe. Konkire wosapakidwa pulasitala sakhululuka. Mabowo a mapaipi ndi mawaya ayenera kudziwika asanathiridwe, chifukwa kuboola pambuyo pake kumasiya chipsera, ndipo simenti ndi mchenga zikasintha gwero pakati pa ntchito mtundu wa khoma umasinthanso. Kontrakitala ayambe waumba chidutswa choyesera cha kukula kwenikweni, onse achivomereze, ndipo chikhale pamalopo ngati muyeso mpaka ntchito itatha.

Za mawaya tingonena mwachidule. Tebulo lililonse lifunika masoketi okwanira anthu ake, ndipo apa pali mkangano: tebulo la matayala limasuntha koma soketi ya pansi sisuntha. Ngati magulu ndi okhazikika, ndi bwino tebulo likhale malo amodzi, mawaya akwere kudzera m'mwendo wake, mipando yokha ndiyo iziyenda. Wi-Fi iwerengedwe pa zipangizo ziwiri kapena zitatu pa munthu, ndipo popeza konkire wokhuthala amatchinga, chipinda chilichonse chikhale ndi kachipangizo kake.

Aphunzitsi ndi ndandanda

Ku MIT, njira ya TEAL itakulitsidwa mu 2003 kuti ifikire ophunzira ambiri a chaka choyamba, ena mwa iwo analemba chikalata chodandaula. Chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti aphunzitsi ena anali asanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo ankangoyankhula ola lonse m'chipinda chimene sichinamangidwire zimenezo. Chipinda chopanda kutsogolo ndi choipa kwambiri pophunzitsira mwa njira yakale, chifukwa theka la ophunzira lapereka msana kwa wolankhula. Choncho bajeti ya nyumba yotere ikhale ndi gawo lophunzitsira aphunzitsi, ndipo zipindazi ziperekedwe kwa okhawo amene akonzanso maphunziro awo. Chipinda chimodzi choyesera chimangidwe m'nyumba yakale mapulani asanatsekedwe, chigwiritsidwe ntchito kwa semesita yathunthu, kuti kukula kwa tebulo, malo a sikirini ndi mabatani ziyesedwe ndi anthu enieni asanagule zokwanira zipinda 56.

Ndandanda nayo isinthe. Kalasi ya mphindi 50 ndi yaifupi pa ntchito ya magulu, chifukwa kukhazikika ndi kufotokozera anzawo zomwe gulu lapeza zimadya pafupifupi theka la nthawiyo. Maola awiri ndiwo amakwanira. Pakati pa makalasi pakhale mphindi 10 kapena 15, ndipo masitepe akhale oonekera ndi otakasuka, chifukwa zipinda zonse zikatuluka nthawi imodzi m'nyumba ya nsanjika 8 zikepe sizingakwanitse.

NTU inapitiriza ndi nyumba yachiwiri yamtunduwu, The Arc, imene inatsegulidwa mu 2018 ndi zipinda 56 zophunziriramo pamodzi ndi tizipinda tokambirana, ndipo inajambulidwa ndi akatswiri ena, maonekedwe ake ndi osiyana kotheratu. Chimene chinasungidwa ndi kakonzedwe ka m'kati: magulu ozungulira matebulo, masikirini angapo, ndi malo ambiri okhala kunja kwa kalasi. Kwa yunivesite ina iliyonse yomanga nyumba yachiwiri yotere, ziwerengero zoyenera kukhala nazo m'manja zimachokera m'chaka choyamba cha nyumba yoyambayo: nthawi imene mawu amazimiririka m'chipinda chodzaza, mlingo wa mpweya woipa kumapeto kwa kalasi ya maola awiri, kutentha pa msinkhu wa akakolo ndi wa mutu, kuchuluka kwa anthu okhala m'makonde nthawi ya 10 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku, ndi chiwerengero cha makalasi amene matebulo ake akokedwa n'kundandalikidwa m'mizere yoyang'ana mbali imodzi.